Musanagule kamakina kowotchera sangweji, yambani mwayesa chiwaya ndi ketulo

Alamu anga a ku Chibavi anandiimbira foni m'mwezi wa June, nyengo imene kuno ku Mzuzu umadzuka mano akuwombana, nkhungu itakuta mpaka nyumba ya aneba osaoneka. Anati, "Alamu, ana akukana buledi wozizira m'mawa. Ndaona timakina towotchera sangweji m'tauni, kodi ndigule?" Ndinawapempha kuti ndalamayo ayambe aisunga kwa masabata awiri, ndipo m'masabata amenewo achite zimene ndalemba m'munsimu.

Ineyo kamakinako ndili nako. Ndinalandira pa kitchen top-up, ndimakagwiritsa ntchito, ndipo ndikudziwa ubwino wake. Koma ndalowa m'nyumba zambiri ku Katawa, ku Chiputula ndi ku Mchengautuwa momwe kali pamwamba pa kabati, kadakali m'katoni yake, katatuwa ndi fumbi. Zimandipweteka mtima chifukwa masiku ano ndalama siibwera mophweka. Chichokereni kutsika mphamvu kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo, ndipo timakinati tonse n'tochokera kunja. Maganizo anga ndi akuti mabanja ambiri safunikira kamakina aka. Chimene amafuna ndi buledi wotentha, wofiirira kunja, wofewa mkati, ndipo zimenezi chiwaya chimatha bwinobwino. Alipo ena amene kamawathandizadi, ndipo mudzadziwa ngati muli m'gulu limenelo mukamaliza kuyesa.

Dziwani kaye ntchito imene kamagwira

Kamakina aka, kamene m'masitolo amakalemba kuti sandwich maker, kamachita zinthu zitatu basi. Kamatenthetsa buledi pansi ndi pamwamba nthawi imodzi. Kamamupsinja kuti akhudze chitsulo chotentha paliponse. Ndipo kamtundu kofala kaja, kokhala ndi mzere wopingasa pakati, kamamata m'mbali n'kudula sangweji kukhala zidutswa ziwiri za makona atatu. Mtundu umenewu unatchuka ndi kampani ya Breville ya ku Australia, imene inautulutsa mu 1974. Amene anakhalako ku Joni amaudziwa ndi dzina lakuti snackwich.

Pa zitatuzi, chimene chimakometsa buledi ndi kupsinja. Silayisi ya buledi siikhala yosalala, ili ndi timabowo ndi timapiri, ndiye mukangoiika pamoto yokha imafiira mwa apo ndi apo. Mukaipsinja, mbali yonse imagona pachitsulo, majarini amalowerera, ndipo imafiira mofanana. Kupsinja sikufuna magetsi. Kutenthetsa mbali zonse nakonso kumatheka pongotembenuza. Chimene chiwaya sichingachite ndi kumata m'mbali kokha, ndipo pa zimenezo ndibwererapo.

Njira ya chiwaya: iyi ndiyo muiphunzire bwino

Pezani chiwaya chokhuthala pansi, chosapindika. Chopyapyala chija chimatentha pakati pokha n'kupsereza buledi mkati musanafunde. Ngati chokhuthala mulibe, sefuliya yaikulu ya pansi posalala igwira ntchito. Pezaninso mbale yachitsulo yoyera ndi ketulo kapena poto wamng'ono.

Ikani chiwaya pamoto wochepa, chitenthe pang'onopang'ono kwa mphindi ziwiri kapena zitatu chopanda mafuta. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa tinazolowera moto wa nsima ndi wa chipisi. Buledi safuna moto woterowo. Poyesa, ponyani kanyenyeswa ka buledi m'chiwayamo. Kakada bii nthawi yomweyo, moto wachuluka, chotsani chiwaya chipole pang'ono. Kakamafiira pang'onopang'ono, mwakhoza.

Pamene chiwaya chikutentha, pakani majarini kunja kwa masilayisi, mbali imene ikhudze chitsulo, osati mkati ngati mmene timachitira ndi buledi womwera tiyi. Pakani mopyapyala koma mufike m'makona monse, chifukwa pamene sipanafike majarini pamauma m'malo mofiira. Majarini akasowa, thirani timadontho ta mafuta ophikira m'chiwaya n'kuwamwaza ndi supuni.

Ikani sangweji m'chiwaya, vundikirani mbale yachitsulo ija pamwamba pake, kenako sanjikani ketulo pambalepo. M'ketulomo mukhale madzi okwana lita imodzi. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo pamodzi ndi ketuloyo ndi kulemera kokwanira. Mukapitirira kwambiri, buledi amaphwatalala ngati chapati ndipo zamkati zimatulukira m'mbali. Madziwo akhale otentha, omwe aja mwawiritsira tiyi. Ozizira amakoka kutentha kuchoka pasilayisi ya pamwamba, pomwe otentha amaifunditsa isanatembenuzidwe n'komwe. Mbaleyo ilipo kuti mwaye wa kunsi kwa ketulo usadetse chakudya. Musaikepo nyuzipepala kapena jumbo m'malo mwake.

Dikirani mphindi ziwiri, muchotse ketulo, musuzumire kunsi. Ngati kwafiira ngati mandasi opsa bwino, tembenuzani, mubwezerenso mbale ndi ketulo. Mbali yachiwiri imapsa msanga kuposa yoyamba chifukwa chiwaya chimakhala chitatentheratu, ndiye musachokepo kukasita yunifolomu ya mwana. Mukaphula, musaigoneke pambale nthawi yomweyo, chifukwa nthunzi imaunjikana kunsi n'kufewetsa chikhokho chimene mwavutikira chija. Iimikeni chammbali motsamira kapu kwa mphindi imodzi, kenako dulani.

Ngati muli ndi ziwaya ziwiri ndi moto wa malo awiri, tenthetsani chachiwiricho pachokha, pukutani kunsi kwake, n'kuchisanjika pamwamba pa sangweji m'malo mwa mbale. Mukatero mwapanga kamakina kathunthu, kotentha pansi ndi pamwamba. Ena amapsinja ndi njerwa yokulunga mu foyilo. Imagwira ntchito, koma ine ndimakonda ketulo chifukwa kulemera kwake umachita kusintha pongothira kapena kutsanula madzi.

Zoika mkati

Pano kamakina ndi chiwaya zimafanana: zamkati zikalakwika, palibe chimene chingakupulumutseni. Mdani wamkulu ndi madzi. Tomato wa ku Jenda ndi wokoma, koma mukamudula mokhuthala n'kumuika momwemo, buledi amanyowa mkati n'kukhala ngati phala. Mudulireni mopyapyala, chotsani njere ndi madzi ake, muwaze kamchere, adonthe kaye pambale. Dziwaninso kuti tomato amasunga kutentha kuposa china chilichonse m'sangwejimo. Kunja kumaoneka kuti kwapola koma mkati muli moto, ndipo mwana amapsa lilime. Idulireni pakati, nthunzi ituluke, musanam'patse.

Chachiwiri, mphindi zinayi kapena zisanu sizingapsetse nyama yaiwisi. Nkhuku, soseji, nyama yogaya, zonsezi ziyambe zaphikidwa mpaka kupsa. Dzira likazingeni kaye mopyapyala ndi anyezi, mulipinde molingana ndi kukula kwa silayisi. Ndiwo zotsala dzulo, kaya ndi nyemba, kaya nyama, kaya usipa wa ku Nkhata Bay wokazinga ndi tomato, zitenthetseni mpaka ziwire ndipo msuzi uphwe, ndiye muziike. Nyemba muziphwanye ndi supuni kuti zigwirane. Kunena zoona, sangweji ya nyemba zophwanya ndi anyezi wokazinga ndi kambuzi pang'ono ndi imene ndimaikonda kuposa zonse, ndipo siilira ndalama yoonjezera.

M'maiko amene timakinati tinachokera, chimene chimamata masilayisi awiri ndi tchizi. Kuno tchizi ndi chakudya cha apo ndi apo, ambiri timagula pa Khirisimasi kapena kukabwera alendo. Mfundo imeneyi muiganizire bwino, chifukwa theka la kukoma kumene mumaona pazithunzi za pakatoni ndi tchizi chosungunuka. Popanda tchizi, gwiritsani ntchito zinthu zonyata: chiponde ndi nthochi yakupsa yodula mopyapyala, nyemba zophwanya, kapena mbatata yophika yopondaponda. Mapeyala musawatenthetse, amayamba kuwawira. Otchani buledi kaye, mutsegule, ndiye mupake peyala ndi kamchere.

Siyani mpata wa ngati chala chimodzi kuzungulira m'mbali osaikamo kanthu, kuti popsinja zamkati zipeze kolowera.

Buledi wabwino pa ntchito imeneyi ndi wogona. Wa lero amakhala ndi chinyezi chambiri ndipo amaphwatalala msanga. Wa dzulo kapena dzana, amene ana ayamba kumukana kuti wauma, akamva kutentha amafewanso mkati. Apa ndi pamene mumapulumutsa ndalama, popeza tirigu wambiri amene timadya m'dziko muno ndi wogula kunja ndipo buledi sali wotchipa. Koma chenjerani ndi chinyezi cha kuno ku Mzuzu, makamaka nthawi ya mvula. Buledi akachita chuku, ngakhale pakona pokha, mutayeni. Kumuwotcha sikumukonza.

Magetsi akazima: mbaula

Njira ya chiwaya ija imatheka chimodzimodzi pambaula, kungoti muyembekeze makala ayake mpaka achite phulusa loyera pamwamba, malawi atatha. Nthawi yabwino ndi pamene mwaphula phala kapena madzi osamba, moto utayamba kufooka. Ukakhala waukali, wazani phulusa pang'ono pamakalapo. Pagasi ndiye savuta n'komwe, mungotsitsa moto mpaka pansi.

Ndikupemphani chinthu chimodzi, popeza tikunena za m'mawa wozizira. Musalowetse mbaula m'nyumba mazenera ndi zitseko zili zotseka. Makala amatulutsa mpweya wa poizoni wosaoneka ndiponso wosanunkha, ndipo umapha anthu ali m'tulo kapena akuwotha. Phikirani pakhonde kapena pamalo popita mphepo.

Tsopano za kumata m'mbali zija. Kamakina ka magetsi kasanabwere, kunali kale chitsulo chochitira zimenezi pamoto. Ndi timbale tiwiri tachitsulo tolumikiza ndi hinjesi, tokhala ndi zogwirira zazitali. Umaika sangweji pakati, kutseka, kudula buledi wotsalira kunja, n'kuika pamakala uku ukutembenuza. Ku Australia ndi ku South Africa amachitcha jaffle iron. Ngati muli ndi m'bale wanu wobwera kuchokera ku Joni, chimenechi ndi chimene ndingakulangizeni kuti mum'tume, chifukwa chilibe nthambo yoti n'kupsa, sichidikira magetsi, ndipo chikhoza kufikira adzukulu. Amisiri owotcherera zitsulo akhozanso kukupangirani mukawajambulira. Muwauze kuti agwiritse ntchito chitsulo chakuda chokhuthala, osati lata la denga, osatinso chidutswa cha mgolo umene munali mankhwala kapena penti. Lata la denga amalikuta ndi zinki, ndipo siliyenera kukhudza chakudya pamoto. Chitsulo chatsopanocho chitsukeni, chipakeni mafuta ophikira, chiwotcheni chopanda kanthu kawiri kapena katatu musanaikemo buledi.

Palinso njira ya simbi, imene ophunzira okhala m'mahositelo cha ku Luwinga amaidziwa: kukulunga sangweji mu foyilo n'kuipsinja ndi simbi yopanda madzi, mphindi ziwiri mbali iliyonse. Imatheka pa sangweji yopyapyala, koma mafuta akangodontha pasimbi, malaya oyera a mawa apita. Ndi njira ya tsiku limene mwasowa pogwira, si ya masiku onse.

Werengani kwa masabata awiri

Mukaidziwa njira ya chiwaya, tengani kalendala. Tsiku lililonse limene mwawotcha sangweji, chongani. Pambali pake lembani ngati magetsi analipo pa ola limene mumawotchalo. Lembaninso kuti munapangira anthu angati.

Za magetsizi musazipeputse. Ambiri mwa magetsi amene timayatsa kuno kumpoto amachokera kutali, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pamtsinje wa Shire. Tonse tikukumbukira mmene zinalili namondwe Ana ataononga Kapichira mu January 2022, pamene dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Kamakina kamene kamagwira ntchito pokhapokha magetsi alipo sikangakhale njira yanu yokhayo. Ndipo ngati mumadalira sola ya panyumba ya batire imodzi, yoyatsira mababu ndi kutchajira mafoni, iwalani. Chilichonse chotenthetsa chimakoka mphamvu yambiri kuposa imene inverter yaing'ono ingapirire.

Komabe pa nkhani ya mayunitsi, kamakina kali ndi mbali yake yabwino, ndipo ndiyenera kuinena mosabisa. Timakina tating'ono tambiri timakhala ta mawati apakati pa 700 ndi 1,000. Yuniti imodzi ya ESCOM ndi mawati 1,000 oyaka kwa ola lathunthu. Choncho ka mawati 750 kakayaka mphindi 10, kadya gawo limodzi mwa magawo 8 a yuniti. Mukamakayatsa masiku 20 a sukulu pamwezi, ndi mayunitsi awiri ndi theka basi. Hotplate imakoka mawati ochuluka kuposa pamenepo, imachedwa kutentha, ndipo kutentha kwambiri kumangothawira m'mbali. Ndiye ngati kwanu mumaphikira magetsi okhaokha, kamakina kadzakupulumutsirani mayunitsi pang'ono. Kamathandizanso chifukwa sikafuna kukalondera. Mumatseka, n'kupita kukapesa mwana, kagetsi kakasintha mtundu mwabwera. Mwana wa sitandade 7 akhoza kudzipangira yekha inu muli pafupi, zimene sindingalole pambaula.

Masabata awiri akatha, yang'anani kalendala ija. Ngati mwachonga masiku 8 kapena kuposa, magetsi analipo pafupifupi masiku onsewo, ndipo mumapangira anthu awiri kapena atatu m'mawa wothamanga, gulani, simudzadandaula. Ngati mwachonga masiku atatu kapena anayi, ndalamayo igulireni chiwaya chokhuthala chabwino, chimene chidzakazingenso mazira, chapati ndi zitumbuwa. Ngati banja lanu ndi la anthu 6 kapena 7, kamakina ka masangweji awiri kadzakuchedwetsani, chifukwa woyamba adzakhala atamaliza kudya womaliza asanalandire. Chiwaya chachikulu chimatenga atatu kapena anayi nthawi imodzi.

Onaninso mtundu wa buledi amene mumagula. Kamakina kodula makona atatu kanapangidwira masilayisi a makona anayi, odulidwa kale ku bekale. Ngati kwanu mumadya mabanzi, masikono, Obama kapena chapati, sizikwanamo bwino. M'chiwaya zonsezi zimalowa. Banzi mumangolidula pakati, chapati mumaipinda.

Kwa amene mukuganiza za bizinesi, kugulitsa pafupi ndi depoti kapena m'maofesi nthawi ya tiyi, timakina ta m'nyumba sitinapangidwe kuti tiziyaka maola ambiri motsatizana. Yambani ndi chitsulo chachikulu chosalala pagasi ndi zopsinjira ziwiri. Makasitomala akachuluka, ndiye muganize zogula chachikulu cha m'malesitilanti.

Ngati mwatsimikiza zogula

Katembenuzeni muwerenge kachikwangwani ka kunsi. Kuno magetsi athu ndi a mavoti 230, ndiye palembedwe 220 mpaka 240V. Katundu wina wakale wochokera ku America amakhala wa 110 kapena 120V, ndipo mukangomulumikiza amapsa nthawi yomweyo. Yang'anani pulagi. Yathu ndi ya mano atatu a makona, ngati ya ku Britain. Ya ku South Africa ili ndi mano atatu obulungira. Musakakamize mano obulungira m'soketi, ndiponso musalowetsemo nthambo zosenda. Pitani kwa wodziwa zamagetsi akuikireni pulagi yoyenera yokhala ndi fyuzi. Ma extension otchipa aja, a nthambo yowonda, amatentha n'kusungunuka ndi zinthu ngati zimenezi, ndiye lumikizani kukhoma.

Pa mitundu, ine ndingasankhe ka mbale zosalala kapena za mizere, kosadula, kokhala ndi hinjesi yokwera ndi kutsika. Kameneko kamalandira banzi, chapati ndi buledi wodula nokha ndi mpeni, ndipo kutsuka kwake n'kosavuta. Kodula makona atatu kamaposa pa chinthu chimodzi: kamatsekera zamkati, moti nyemba kapena nyama yogaya sizigwa mwana akamadya popita ku sukulu. Ngati mbale zake zimachoka, ndi bwino koposa.

Gwirani kotsekera ndi hinjesi, mutsegule ndi kutseka kangapo. Pamenepa ndi pamene timakina totchipa timayambira kuthyoka. Kanga kaja kotsekera kake kanathyoka ndisanathe chaka, chifukwa ndinkadzaza kwambiri n'kumakakamiza kutseka, ndipo mpaka lero ndimachita kugwirizira ndi dzanja. Kaya mukugula m'sitolo yaikulu kaya ku Taifa, pemphani kuti akayatse muli pomwepo, muone kuti mbale zonse ziwiri zikutentha ndiponso kuti kagetsi kakuzima kapena kusintha kakatentha mokwanira. Kakapanda kutero ndiye kuti thermostat yake, imene imaletsa kutentha kupitirira muyeso, ndi yakufa, ndipo kazingopsereza. Funsani ngati angakusinthireni kakavuta, mutenge lisiti. Kogwiritsidwapo kale ntchito musagule ngati utoto wakuda wa pambale zake wayamba kusupuka.

Utoto umenewo ndi umene umaletsa buledi kumatirira, ndipo moyo wa kamakina wagona pamenepo. Musakande ndi mpeni, foloko, sitiliwulu kapena mchenga. Chotsani sangweji ndi kamtengo kapena supuni yamtengo. Mukamaliza, zulani pulagi kukhoma, dikirani kafunde chabe, pukutani ndi kansalu konyowa. Zikakakamira, yalani kansalu konyowako pakati, mutseke kwa mphindi zisanu, zidzafewa zokha. Musakaviike m'madzi. Musakasiyenso kakuyaka kopanda kanthu kwa nthawi yaitali. Magetsi akazima muli mkati mowotcha, zulani pulagi pomwepo, chifukwa akadzabwera inu mutapita kuntchito kadzayaka kokha m'nyumba mopanda munthu. Mukakapukuta, kasiyeni kotsegula kaume musanasunge, popeza nyenyeswa ndi mafuta otsalira m'mahinjesi ndi zimene zimaitana mphemvu.

Alamu anga aja anachonga masiku asanu pa masiku 14, ndipo awiri mwa masikuwo kunalibe magetsi. Anakagula chiwaya chokhuthala. Loweruka lapitali nditawayendera anandiwotchera banzi lodula pakati, mkati muli usipa ndi anyezi, atapsinja ndi ketulo ya tiyi amene tinamwera pomwepo. Anati, "Alamu, chatsala n'chitsulo chija cha pamakala. Bambo a kunyumba kuno apita nacho chithunzi kwa owotcherera Lolemba."